Zenera Lopanda Khoma ku Al Messila

Zenera lija linabwera m'mabokosi a matabwa, ndipo geti ndinatsegula ndine kuti lole ilowe. Ndinali dalaivala pa nyumba ina ku Al Messila, kumene mipanda ndi yaitali moti mutha kukhala zaka osadziwa nkhope ya woyandikana naye. Mabokosiwo anali aatali, opapatiza, ndipo amuna amene ankawatsitsa ankawagwira mosamala, wina kumutu wina kumiyendo. Ndinayang'ana kumbali. Munthu amene wagwirapo ntchito kuno ku Doha sakonda kuona bokosi lotalika chotero, chifukwa tonse timadziwa kuti kubwerera kwathu kuli pawiri. Wina amakwera ndege n'kukhala pampando, wina amamulowetsa pansi, kumene kumakhala masutikesi.

Abwana anagula zeneralo ku Ulaya. Akuti kunali tchalitchi chakalekale chimene denga lake linagwa, anthu n'kusiya kupempheramo, ndiye zenera lake analiphwasula mwala umodziumodzi n'kuligulitsa. Anthu olemera ine sindiwamvetsa ndithu. Nyumba inali ndi mazenera osawerengeka, onse otseka chifukwa cha eyakoni, koma iwo anafuna lina la mwala, lopanda galasi, lopanda khoma, longoima lokha pakati pa kapinga.

Amene analiimika anali mzungu wina wa imvi pamodzi ndi antchito ake. Atachotsa zitsulo zawo zokwererapo, ndinapita kukaliona bwinobwino. Linali lalitali kuposa denga la galaja, losongoka kumwamba. Mizati iwiri ya mwala, yosaposa ntchafu yanga kunenepa, inaligawa patatu. Pamwamba pa mizatiyo mwala unkayamba kupindika n'kugawanika, n'kupanga mikombero. Iwiri yaing'ono inali ndi masamba atatuatatu ngati a nyemba, ndipo umodzi waukulu, wapamwamba penipeni, unali ndi masamba anayi ngati tsamba la mtedza. Zonsezo mwala, abale, wosemedwa ndi manja a anthu amene mafupa awo anasanduka dothi kalekale. M'mphepete monse munali kamzere kokumbika mmene kale munkalowa magalasi. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti miyala yapamwambayo inalibe chokhalira. Inkangotsamirana, uwu kukankha uwo, pansi pake pali mphepo yokha. Ndipo lonse linali lakuda bii, ngati khoma la khitchini ya nkhuni.

Wosamalira maluwa pa nyumbapo anali bambo wina wachikulire wa ku Katete, ku Zambia. Ine wa ku Dedza, iwo a ku Katete, koma chilankhulo chimodzi. Tinkagona chipinda chimodzi kuseri kwa galaja, ndipo ndinkawatcha madala. Kwawo anali mkulu wa mpingo. Kuno matchalitchi onse anawaika malo amodzi kunja kwa tauni, ndipo ofu ya madala, tsiku lawo lopuma la Lachisanu, inali yongoyembekezera. Madamu akangoti kubwera alendo, khalasi, basi zatha, ofu yapita. Miyezi inkatha osaponda m'tchalitchi, ndipo zinkawadya mumtima kuposa kutentha.

Tsiku limenelo anabwera kudzaima pambali panga, navula chipewa.

"Mphwanga, ukuchiona chimenechi?" anatero. "Ine ndalephera kupita ku tchalitchi, ndiye tchalitchi chanditsata."

Ndinaseka. "Madala, tchalitchi chanji chopanda denga? Mvula ikabwera mubisala pati?"

"Mvula ya ku Doha? Usandiseketse." Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. "Koma kuda kumeneku ayi. Nyumba ya Mulungu sikhala chonchi."

Ndiyenera kufotokoza, kuti wina asawayese madala munthu wopusa. Kwathu kukayandikira Pasaka kapena Mgonero, mpingo wonse umatuluka. Amayi amazira pansi, abambo amapaka laimu, achinyamata amalambula panja. Tchalitchi chakuda ndi manyazi a mudzi wonse. Kunonso ku Doha chilichonse chimatsukidwa ndi paipi m'mawa uliwonse chifukwa cha fumbi: galimoto, matailosi a panja, geti, ngakhale masamba a mitengo. Wantchito wosiya fumbi ndi waulesi, ndipo sakhalitsa. Ndiye pamene madala anaimika makwerero m'mawa mwake n'kuyamba kupopera zenera lija, palibe anaona cholakwa. Mzungu uja zimene ananena zokhudza kasamalidwe kake anazinenera m'nyumba, akumwa khofi ndi abwana. Kubwalo kuno sizinafike.

Madala sankangopopera. Anatenga burashi ya waya ndi mankhwala aja otsukira matailosi a m'bafa, n'kumakwecha tsamba limodzilimodzi, akuimba nyimbo za m'buku chapansipansi. Madzi ake anali a m'thanki ya kumunda, amene ukawalawa amamveka kamchere. Kuda kuja kunayamba kuchoka, mwala n'kuyera ngati mkati mwa buledi. Madamu anatuluka tsiku lina, nayang'ana, nati, "Zeeni, zeeni," kutanthauza kuti zili bwino. Madala anamwetulira tsiku lonse.

Akatha kutsuka ankayala katoni pansi pa mpata wapakati, pansi penipeni pa mkombero waukulu uja, n'kugwada. M'mawa ankatero, madzulonso eni nyumba asanadzuke ku tulo tawo ta masana. Ine ndikupukuta galimoto ndinkawaona msana wokha, ndi miyala yolemera ija ili lende pamwamba pa mutu wawo.

Choyamba kuona chinali mchenga. Tsiku lina ndinakawaitana kuti adzamwe tiyi, ndinapeza pakatoni pali timchenga toyera, tosalala ngati ufa. Ndinati mwina ndi fumbi la m'chipululu, koma fumbi la kuno ndi lofiirira. Ndinapaka chala pa mzati umodzi, chala chinabwerako choyera. Mwala unkasungunuka pang'onopang'ono.

Kenako kunabwera mizere yofiira. Inkatuluka m'malo mmene mwala wina unakumana ndi unzake, kumtunda kuja, n'kumatsika ndi mizati. Madala akaitsuka m'mawa, pofika madzulo yabwereranso. Ine sindikhulupirira zamatsenga kwambiri, koma kuona mwala wa tchalitchi chakufa ukutuluka zofiira m'mfundo zake, sindinathe kungoyang'ana.

"Madala, kodi zimenezi si magazi?" ndinafunsa, theka kuseka theka ayi.

"Ndi dothi lakale likutuluka," anatero. "Chilonda chikamatuluka mafinya ndiye kuti chikupola."

Nyengo yotentha itafika, abwana ndi banja lonse anapita ku Ulaya monga amachitira chaka chilichonse. Tinatsala antchito okhaokha. Amene sanakhalepo kuno miyezi imeneyo sangamvetse. Mpweya umalemera ndi chinyezi cha kunyanja, magalasi a galimoto amachita thukuta, malaya amamatirira pamsana ungotuluka pakhomo. Zenera lija silinkaumanso. Madala akalitsuka m'bandakucha, dzuwa linkaliwotcha lili lonyowa, ndipo ndi nthawi imeneyo ndinayamba kumva phokoso. Silinali lalikulu. Kanali kakuti "the!" kamodzi, ngati munthu wathyola chala, kenako zii. Umadikira mpaka kuiwala, kenako "the!" kenanso.

Ndinakwera makwerero ndekha madala atapita kukataya zinyalala. Pa mkombero waukulu uja, pamene tsamba limodzi linakumana ndi linzake, panali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Patapita masabata angapo, mumng'alumo munkalowa chikhadabo. Madala anauona nawonso, ndipo anachita zimene aliyense wa kwathu amachita khoma likang'aluka. Anakanya simenti m'chitini n'kumatapo bwinobwino, n'kusalaza ndi supuni. Simentiyo sinakhalitse. Inatuluka yokha n'kugwa pa kapinga, ngati kuti m'katimo muli chinthu chimene chikuikankha.

Apa ndiye ndinaleka nthabwala.

"Madala, chonde, pempherani poteropo, pansi pa mtengo. Mulungu amamva paliponse, inu nomwe mumatero."

"Amamva paliponse, inde. Koma wandipatsa pano."

"Nanga ukakugwerani?"

"Mwala umene waima kuyambira makolo a makolo athu asanabadwe, ukadikire ine wa ku Katete kuti ugwe? Ndine yani ine?"

Ndinabisa paipi m'buti ya galimoto. M'mawa mwake ndinawapeza ali pamwamba pa makwerero ndi ndowa, akuthira ndi kapu. Asa! Mtima unandiwira, ndipo ine mtima ukawira pakamwa sipatsekeka. Ndinawauza kuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mawu amenewo sauza munthu wa msinkhu wa bambo ako. Anatsika pang'onopang'ono, naika ndowa pansi, nandiyang'ana.

"Wandibweretsera mwambi iwe? Kabweze paipi ija pamalo pake."

Ndinakabweza.

Sindinaone pamene chidutswa choyamba chinagwa. Ndinangoona kuti madala ayamba kuvala malaya movutikira, ndipo wilibala akuikankha ndi dzanja limodzi. Tsiku lina akusamba nkhope pa mpopi, kolala inatsika, ndinaona phewa lotupa, lakuda, khungu litachubuka. Ndinapita pa zenera paja. Nsonga imodzi ya tsamba la mtedza lija panalibe. Ndinaipeza atakaibisa mumphika wa maluwa, yaikulu ngati chibakera changa, ndipo mkati mwake mmene inathyokera munali mofiira.

Ndinawaonetsa. Sanakane.

"Kanangondikhudza," anatero.

"Kanangokukhudzani? Kakanatsetsereka pang'ono chonchi, bwenzi tikunena zina. Madala, ine sindikufuna kukakuperekezani ku kago."

Kago ndi kumene amalandirira katundu wa ndege, ndipo ndi kumene timaperekeza anzathu amene amwalira. Anamva bwino lomwe. Anakhala pa bedi, nandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mphwanga, tamvera. Ukakaripota, afunsa kuti mwala wathyoka bwanji. Sadzati wathyoka wokha, adzati ndine. Andikansela viza. Pa msinkhu wangawu palibe ejenti amene anganditengenso. Kontrakiti yanga ndiimalize, ndipite kwathu ngati munthu, osati wobwezedwa. Wakwanu sumunenera kwa abwana, lamulo limeneli ukulidziwa."

Ndinkalidziwa. Palibe analilemba, koma aliyense wa kwathu amalimva sabata yoyamba akangofika. Mnzako akagona pa dyuti, umamudzutsa. Akaswa mbale, mumabisa limodzi. Wonenera mnzake timamutcha kazitape, ndipo kazitape amadya yekha.

"Ndiye lekani kutsuka, lekaninso kugwada pamenepo," ndinatero. "Mukatero ine nditseka pakamwa."

Anandisiya dzanja. Kenako anati, "Kutsuka ndichepetsa." Za kugwada sanayankhe, ndipo m'mawa mwake katoni inali pamalo pake.

Lachisanu lina ndinakwera metro kupita ku Bin Mahmoud, kumene anyamata a kwathu, masekyurite ndi madalaivala, amakumana pa kashopu ka tiyi wa mkaka wotchedwa karaki. Ndinafotokoza nkhaniyo osatchula munthu. Onse anayankha chimodzimodzi. "Zisiye, si zako." Wina anati, "Mkuluyo ndi wamkulu, akudziwa chimene akuchita." Wina anati, "Inshallah sugwa." Ndinafunsa kuti nanga ukagwa, adzaimbire foni mkazi wake ndani? Apo aliyense anayang'ana m'kapu mwake.

Masabata otsatira ndinawakhala ngati munthu wodwala. Ndikamva chitseko cha galaja chamenyeka, ndinkathamangira kumunda. Ndikupukuta galimoto, maso anali pa mkombero uja, ndipo ndinkaona ngati wapendekeka kuposa dzulo, ngakhale sindikanalumbira. Mizere yofiira inafika mpaka pansi. Mbalame zazing'ono zimene zinkakonda kutera m'masamba a mwala aja zinaleka, kaya chifukwa cha kutentha kaya chiyani. Ndinkadya osamva kukoma. Ndinkawakonda madala aja, ndinene poyera. Ndi iwo anandiphunzitsa kumwa madzi ndisanamve ludzu, ndi iwo anakhala nane pamene amayi anga anamwalira ine ndili kuno osatha kupita ku maliro. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaona akugwada pansi pa chinthu chimene ndinali wotsimikiza kuti chiwapha.

Eni nyumba anabwerako kutentha kutayamba kuchepa. Tsiku lina madamu anati ndiwaperekeze ku The Pearl. Tili pa maloboti, ndinawayang'ana pagalasi, lilime langa n'kuyamba lokha. Ndinawauza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti zenera la kumunda lang'aluka, chidutswa chinagwa kale, ndipo lonse likhoza kugwa. Za madala sindinatchule, ndinkaganiza kuti ndachenjera. Madamu anangoti, "Wallah?" Ankafunsa ngati ndi zoona. Nkhope inasintha, chifukwa adzukulu awo ankakonda kuthamangitsana kudutsa m'mipata itatu ija. Anatenga foni nthawi yomweyo. Pamene tinkabwerera, zenera linali atalizinga kale ndi chingwe chofiira, ndipo madala anali ataima kunja kwa chingwecho, katoni ili m'manja. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

Mzungu wa imvi uja anabweranso. Anakwera, nagogoda apa ndi apo, napaka chala monga ndinachitira ine, ndipo ndinamumva akutukwana m'chilankhulo chake. Kuchokera mumng'alu uja anasolola kachitsulo kotupa, kofiira, konyenyeka ngati khungwa lowola. Anafotokozera abwana ife tili chilili pomwepo. Anati m'kati mwa mfundo za miyalayo muli zitsulo zakale zolumikizira. Madzi a mchere akalowa, chitsulo chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, ndipo limang'amba mwala kuchokera m'kati. Anatinso kuda kuja kunali khungu la mwalawo, limene linautchinjiriza zaka zonsezi, ndipo wina walisenda ndi waya ndi mankhwala.

"Ndani wakhala akutsuka?" anafunsa abwana.

Ndinali nditakonzeka kunena kuti tonse, kuti ndi mmene timachitira ndi chilichonse pa nyumbapo. Sindinapeze mpata. Madala anapita patsogolo, chipewa m'manja, mutu uli chilili.

"Ndine, bwana. Tsiku lililonse."

Ananena ngati munthu amene akuyembekezera kuyamikiridwa, ndipo mwina mumtima mwawo ankayembekezeradi. Madamu, amene anati zeeni zeeni tsiku lija, anali akuyang'ana foni yawo.

Zeneralo analitsitsa mwala umodziumodzi. Mkombero waukulu uja unatsika uli zidutswa ziwiri m'malamba awo onyamulira. Ndinatembenukira kwa madala, ndikuganiza kuti tsopano aona okha. Iwo anati, "Authyola ndi iwowo potsitsa." Ndinafunsa mmodzi wa antchito a mzunguyo ngati ukanagwadi. Anakweza mapewa, nati mwina mawa, mwina chaka chamawa, palibe angadziwe. Yankho limenelo limandivutitsa mpaka lero, koma ndikanati ndibwerere pa maloboti paja, ndikananenanso. Anthu a ku Bin Mahmoud amasintha nkhani ndikalowa. Asinthe. Palibe mmodzi wa iwo anamvapo mwala uja ukuti "the!" pamwamba pa mutu wa munthu.

Abwana sanakalipe. Anthu amenewa sakalipa, amangotuma wa ku ofesi. Madala anauzidwa kuti viza yakanselidwa ndipo tikiti yakonzedwa. Masiku otsalawo tinkagona chipinda chimodzi osalankhulana. Ndikaphika ankati akhuta. Pa kapinga panatsala maziko a simenti okha, ndipo iwo anapitiriza kuthirira maluwa ozungulira pamenepo mpaka tsiku lomaliza.

Wowaperekeza ku bwalo la ndege anali dalaivala wa pa nyumbapo, ndiye kuti ine. Anakhala kumbuyo. Msewu wonse ndinkakonza mawu m'mutu, ndikuwasintha. Titafika ndinatsika kuti ndiwatulutsire chikwama, anandikankha dzanja n'kuchitulutsa okha.

"Madala," ndinatero, "wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndimafuna mukhale ndi moyo, basi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira, koma mawu anatuluka odekha.

"Ukanandisiya, mphwanga. Ndikanafera pamenepo, kwathu akanati mkulu wa mpingo wafa akupemphera, ndipo akazi anga akanalira mutu uli m'mwamba. Tsopano ndikawauze chiyani? Kuti andibweza chifukwa ndawononga nyumba ya Mulungu ndi manja angawa?"

Wapolisi anaimba wezulo, akukupiza dzanja kuti ndichotse galimoto. "Yalla, yalla!" Ndinalowa, ndinaliza injini, misozi ikutsika, ndili wokwiya ndi iwo, ndi abwana, ndi anthu a ku Ulaya amene anagulitsa zenera la tchalitchi chawo. Pagalasi ndinawaona akukoka chikwama chawo kulowera pakhomo, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu. Sanacheuke.